TopSpin ndi njira zake zotolera deta ya NMR: zabwino zake ndi mopunthwira labotale ya ku Blantyre

TopSpin ndi pulogalamu imene imayendetsa makina a NMR (nuclear magnetic resonance, njira yozindikirira mamolekyulu pogwiritsa ntchito maginito ndi mafunde a wailesi) a kampani ya Bruker, kuyambira aakulu aja a 400 MHz ndi 600 MHz ofuna heliyamu wochokera kunja, mpaka Fourier 80, kamakina ka patebulo kamene maginito ake safuna kuziziritsidwa. Wophunzira kapena mphunzitsi wa m'masukulu a ukachenjede a ku Chichiri kapena ku Mahatma Gandhi amene anatumizapo sampulo kunja n'kulandira foda yokhala ndi mafayilo otchedwa fid, acqus ndi pulseprogram, wagwira kale zotuluka m'pulogalamu imeneyi ngakhale sanaitsegulepo. Ndemanga ino ikuunika mbali imodzi yokha, ya njira zotolera deta. Chigamulo chathu n'chakuti pa mbali imeneyi TopSpin ndi yolimba ndipo imakupatsani ulamuliro pa chilichonse, koma imaganiza kuti munthu wokhala pa kompyutayo akudziwa kale chimene akusankha, ndiponso kuti magetsi ndi kutentha kwa chipinda sizisintha mpaka ntchito itatha. Kuno zonse ziwirizi si zodalirika.

Tikumbutsane kaye chimene chimatoleredwa. Pulotoni ikakhala m'maginito imazungulira pa 42.58 MHz pa tesla iliyonse, n'chifukwa chake maginito a 1.88 T amatchedwa a 80 MHz ndipo a 9.4 T amatchedwa a 400 MHz. Pulse yaifupi ya mafunde a wailesi imapendeketsa mapulotoniwo, kenako koyilo imamva siginolo yomka nizilala, imene timaitcha FID. Kuchokera pamene Ernst ndi Anderson anasonyeza mu 1966 kuti FID imeneyi ikhoza kusandutsidwa ndi masamu a Fourier kukhala spectrum, chithunzi cha nsonga zosonyeza ma frequency a siginoloyo, funso lakhala lomweli: siginolo imeneyi tiidule bwanji kukhala manambala?

Yankho la TopSpin lili pa AQ_mod, malo osankhira njira yotolera, pamene pali mayina anayi: qf, qsim, qseq ndi DQD. Vuto limene anayiwa akulimbana nalo ndi limodzi. Risiva imachotsa frequency ya pakati, yotchedwa O1, n'kutsala ndi kusiyana kwa mahertz mazana kapena zikwi zochepa. Koma risiva ya khutu limodzi singasiyanitse nsonga imene ili 200 Hz pamwamba pa O1 ndi ina imene ili 200 Hz pansi pake. Zili ngati kuima kutsogolo kwa njinga ya kabaza yoimikidwa pa sitandi n'kumayang'ana valavu ikukwera ndi kutsika: simungadziwe ngati tayala likupita chakutsogolo kapena chakumbuyo mpaka wina aime cham'mbali. Njira ya qf ndi ya khutu limodzi chonchi. Imakukakamizani kuika O1 kumapeto kwa spectrum, ndipo phokoso la mbali yopanda kanthu ija limapindikira pa nsonga zanu, kotero siginolo poyerekeza ndi phokoso imatsika ka 1.4. Lero palibe chifukwa choigwiritsira ntchito, kupatula posonyeza ophunzira chifukwa chimene anaisiyira.

Njira ya qsim ili ndi makutu awiri osiyana madigiri 90, omvera nthawi imodzi. Ikakhala bwino, O1 imakhala pakati ndipo zonse zimalongosoka. Koma makutu awiri a mawaya safanana ndendende. Lina likakweza pang'ono kuposa linzake, nsonga yaikulu iliyonse imabala chithunzi chake chabodza mbali inayo ya O1, pa mtunda wofanana, ndipo pakati penipeni pamamera kansonga kosachokera mu sampulo. Mankhwala ake ndi kusinthasintha phase ya pulse ndi ya risiva m'masitepe anayi, njira ya CYCLOPS imene Hoult ndi Richards anafotokoza mu 1975. Tanthauzo lake pa ntchito ndi lakuti deta ya qsim yotoleredwa ndi sikani imodzi (kumvera FID kamodzi kokha) siyenera kukhulupiriridwa pa nsonga zing'onozing'ono. Njira ya qseq imatenga dontho ku khutu loyamba, kenako ku lachiwiri, mosinthanasinthana. Imadziwika ndi m'mene nsonga yotuluka kunja kwa malire imabwererera: mu qseq imapindikira m'kati pafupi ndi malire omwewo, pamene mu qsim imakatulukira kumapeto enawo. Amene alandira deta ya makina akale ayambe watsegula acqus, fayilo yosunga manambala amene anagwiritsidwa ntchito potolera, n'kuona AQ_mod asanayambe kutchula mayina a nsonga.

Makina a masiku ano amayendera DQD, ndipo apa TopSpin tiyiyamikire mosanyinyirika. Siginolo imasandutsidwa manambala ndi chipangizo chimodzi pa liwiro lalikulu kuposa lofunikira, ndipo makutu awiri aja amapangidwa ndi masamu m'malo mwa mawaya. Popeza masamu sakondera khutu, zithunzi zabodza ndi kansonga ka pakati zija zimatheratu, ngakhale pa sikani imodzi. Kenako sefa ya masamu imataya zonse za kunja kwa malire a spectrum n'kusunga madontho okhawo ofunika. Mzere wapansi umakhala wowongoka bwino, makamaka DIGMOD, malo osankhira kagwiridwe ka sefayo, ikaikidwa pa baseopt.

Sefa imeneyi ili ndi misampha itatu imene pulogalamuyo siikuuzani. Woyamba: kumayambiriro kwa FID kumakhala madontho pafupifupi 70 ooneka ngati opanda kanthu, siginolo yeniyeni isanayambe. TopSpin imadziwa kuwerengera kuchedwa kumeneku kudzera pa nambala ya GRPDLY yolembedwa mu acqus, koma wophunzira fizikisi akatenga fayilo ya fid kupita nayo ku Python kuti achite yekha masamu a Fourier, spectrum imatuluka yopiringizika ngati chingwe chopota. Ambiri amaganiza kuti fayilo yawonongeka potumiza. Siinawonongeke ayi. Mu nmrglue, phukusi la Python lowerengera deta ya NMR, muli ntchito yochotsera kuchedwako, kapena mungayendetse lamulo la convdta deta isanatuluke mu TopSpin. Msampha wachiwiri ndi woopsa kwa anthu a kemisitiri: nsonga ya kunja kwa malire sipindika, imangosowa mwakachetechete. Mukaika malire kuyambira 0 mpaka 10 ppm (muyeso wa malo a nsonga pa spectrum), pulotoni ya asidi imene imakhala cha ku 12 ppm simudzaiona, ndipo palibe chimene chidzakuchenjezeni. Sampulo yachilendo iyambe ndi SW (kutambalala kwa spectrum) ya 20 ppm, kuchepetsa kubwere pambuyo. Wachitatu ndi wa aphunzitsi. Phunziro la Nyquist, lakuti kutenga madontho mochedwa kumasokoneza frequency, silionekanso m'mbali yoyamba ya spectrum chifukwa sefa yaphimba. Amene akufuna kulisonyeza achepetse dala malire a mbali yachiwiri ya spectrum ya 2D (ya mbali ziwiri), kumene kulibe sefa ndipo nsonga zimapindikabe.

Pamene anthu ambiri amatayira nthawi ndi pa TD (chiwerengero cha madontho), SWH (kutambalala kwa spectrum mu mahertz) ndi AQ. TopSpin imawerenga madontho a makutu onse awiri pamodzi mu TD, kotero nthawi yomvera FID, AQ, ndi TD kugawa ndi SWH yochulukitsidwa kawiri. Pa makina a 400 MHz, 20 ppm ndi 8,000 Hz, ndipo TD ya 65,536 imapereka masekondi 4.1, zomwe n'zoyenera. Tsono wina akopere TD yomweyo kuchokera m'buku n'kuiika pa makina a 80 MHz, pamene 20 ppm ndi 1,600 Hz chabe: AQ imafika masekondi 20.5. Nsonga yotambalala 1 Hz ili ndi T2* (nthawi yosonyeza m'mene FID imazilalira msanga) ya masekondi 0.32, ndipo pakatha masekondi 1.6 siginolo yake yatsika kale kufika pansi pa gawo limodzi mwa 100. Masekondi enawo makina akungojambula phokoso. TD ya 8,192 imapereka masekondi 2.56, okwanira pa sampulo zambiri. Phokoso lowonjezeralo mungalidule pambuyo ndi TDeff (madontho okhawo ogwiritsidwa ntchito pa masamu) kapena LB (yofooketsa mchira wa FID), koma pa masikani 64 mwataya mphindi 19 zimene sizibwerera, ndipo pa labotale ya makina amodzi ndi gulu la ophunzira 40 mphindi zimenezo ndi za wina. Pulogalamuyo imasonyeza AQ yatsopano mukasintha TD, koma siinena kuti nambalayo ndi yopanda nzeru.

Za RG, mlingo wokwezera siginolo pa risiva, tidutsepo msanga. Yendetsani rga, lamulo losankha RG lokha, pa sampulo iliyonse yatsopano. RG ikakwera kwambiri, mutu wa FID umadulidwa ndipo mzere wapansi umachita mafunde mbali zonse za nsonga yaikulu, zimene sizikonzeka pambuyo. Izi zimachitika kawirikawiri ndi sampulo za m'madzi wamba kapena mu ethanol, pamene nsonga ya madziwo imameza zonse.

NS (chiwerengero cha masikani) ndi D1 (nthawi yodikira pakati pa masikani) zimafuna kudekha, paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Siginolo poyerekeza ndi phokoso imakula pang'onopang'ono: kuti ikule kawiri, masikani achuluke kanayi. Pulogalamu ya pulse ya zg30 imasinthasintha phase m'masitepe 8, kotero NS ikhale 8, 16, 32 kupita m'tsogolo, ndi masikani otaya awiri pa DS kuti mapulotoni akhazikike. Ngati cholinga ndi kuyeza kuchuluka kwa chinthu, monga mowa mu chakumwa kapena mankhwala mu piritsi losungunulidwa, nthawi yonse pakati pa pulse ya madigiri 90 ndi inzake ikhale T1 (nthawi yosonyeza m'mene mapulotoni amabwerera m'chimake pulse ikatha) yaitali kwambiri mu sampuloyo kuchulukitsa kasanu, pamene mapulotoni amakhala abwerera ndi 99.3 peresenti. D1 ya sekondi imodzi imene imabwera ndi mafayilo okonzeratu ndi yabwino pozindikira chinthu, osati pochiyeza. Nsonga za T1 yaitali zimatuluka zazing'ono kuposa m'mene ziyenera kukhalira, spectrum n'kuoneka yokongola bwinobwino koma manambala ake ali abodza.

Tsopano nkhani imene ikutikhudza kwambiri kuno, ya kuthima kwa magetsi. Mu 1D (spectrum wamba ya mbali imodzi), lamulo la zg limafufuta zakale n'kuyamba kuunjika masikani m'kati mwa makina, ndipo FID imalembedwa pa disiki ntchito ikatha. Carbon-13 ndi 1.1 peresenti yokha ya kaboni yense ndipo pa makina a 80 MHz imamveka pa 20 MHz, choncho masikani 4,096 si achilendo. Pa masekondi atatu sikani iliyonse, amenewo ndi maola atatu ndi mphindi 25. Magetsi akathima pa ola lachitatu, madzi atayika, saolekanso. Komatu TopSpin ili nayo njira yotetezera, ingobisika: TD0. Mukaika NS pa 128 ndi TD0 pa 32, masikani onse ndi 4,096 omwe aja, koma deta imalembedwa pa disiki pakatha masikani 128 aliwonse, kutanthauza mphindi zisanu ndi imodzi ndi theka. Lamulo la tr limalemba zimene zatoleredwa nthawi iliyonse mukafuna, ntchito ili m'kati. Ndipo pali mawu awiri oti ophunzira awaloweze pamtima: halt imamaliza sikani imene ili m'kati n'kusunga deta, pamene stop imaimitsa pompo osasunga. UPS, batire yosungira magetsi, ikayamba kulira, lembani halt. Kuti malamulo awiri osiyana chotere akhale ndi mayina ofanana tanthauzo m'Chingerezi ndi cholakwika cha opanga pulogalamu, ndipo kwa wophunzira amene Chingerezi ndi chiyankhulo chake chachiwiri msamphawo ndi waukulu koposa. Pepala lomata pa kompyuta limathandiza.

Magetsi akabwera, musathamangire go, lamulo lowonjezera masikani pa FID yakale. Mphamvu ya maginito a neodymium imatsika pafupifupi 0.1 peresenti kutentha kukakwera digiri imodzi. Pa 80 MHz imeneyo ndi 80,000 Hz, pamene spectrum yonse ya pulotoni ndi 1,600 Hz. N'chifukwa chake makina a patebulo amasunga maginito awo pa kutentha kumodzi ndi chotenthetsera, ndipo amakhala ndi lock yotsata kusuntha kotsalako. Chotenthetseracho chikazima, maginito amafuna maola kuti akhazikikenso, ndipo shim (kuwongola kusafanana kwa maginito) iyenera kuchitidwa mwatsopano. Kuunjika masikani atsopano pa akale mphamvu itasuntha kumatambalalitsa nsonga zonse kapena kuzigawa pawiri. Chabwino ndi kutsegula nambala ina ya ntchito, kutolera padera, n'kudzaphatikiza ma spectrum awiriwo mutawalunzanitsa. Pogula makina, ikani mu bajeti UPS ya mtundu wa online yokwanira kunyamula makina ndi kompyuta mpaka jenereta kapena invereta italowa, komanso chotetezera ku ziphaliwali za m'dzinja. Chipinda chikhale chosayang'ana dzuwa la masana. Kutentha kwa mu Okutobala ndi chiperoni cha mu Juni zonse makina amapirira ngati kusinthako kuli kwa pang'onopang'ono. Chimene sapirira ndi mpweya wa eyakoni wowomba pa makinawo mwachindunji, kuyaka ndi kuzima mphindi khumi zilizonse.

Kwa aphunzitsi a fizikisi, phindu lenileni lili pa kuyeza T1 ndi T2 (nthawi ya kuzilala kwa siginolo kosachokera ku kusafanana kwa maginito), ndipo TopSpin imachita zimenezi ngati 2D yongoyerekeza: mzere uliwonse mu fayilo ya ser ndi FID ya nthawi yodikira yosiyana, yotengedwa pa mndandanda wa vdlist. Pulogalamu ya t1ir imagadabuza mapulotoni ndi pulse ya madigiri 180, kudikira, n'kuwerenga ndi ya 90. Siginolo imafika pa ziro nthawi yodikira ikakwana T1 kuchulukitsa ndi 0.693, ndipo ndi kuyesa kutatu kapena kunayi kwa 1D mungapeze T1 yoyerekeza musanalembe mndandanda wonse. Madzi oyera ali ndi T1 ya pafupifupi masekondi atatu, kotero D1 ikhale masekondi 15. Nthawi zodikira 16, masikani 8 iliyonse, zimadya pafupifupi mphindi 40, theka la phunziro la masana. Kamchere pang'ono ka copper sulfate m'madzimo kamafupikitsa T1 kwambiri, ndipo magulu angapo a ophunzira amatha kuyesa tsiku limodzi. Zolakwika zimabwera pawiri: D1 yaifupi, imene imachepetsa T1 yopezeka, ndi pulse ya 180 yosayezedwa bwino, imene siigadabuza zonse. Yezani P1, kutalika kwa pulse ya madigiri 90, pa sampulo yomweyo pofufuza pulse ya madigiri 360, pamene siginolo imabwerera pa ziro, n'kugawa ndi zinayi. Sampulo ya mchere wambiri imatalikitsa pulse, choncho nambala ya dzulo si ya lero.

Pa T2, musawerenge kuchokera pa kutambalala kwa nsonga, chifukwa pamenepo mukuyeza kusafanana kwa maginito. Echo imene Hahn anapeza mu 1950 imabweza zimenezo, koma echo imodzi ya nthawi yaitali m'madzi imapereka T2 yochepa chifukwa mamolekyulu amayenda kuchoka pamene anali. Carr ndi Purcell mu 1954 anathetsa izi ndi mndandanda wa ma pulse a 180 oyandikana, ndipo Meiboom ndi Gill mu 1958 anasuntha phase yake ndi madigiri 90 kuti zolakwika za pulse zisaunjikane. Imeneyo ndiye cpmg. Chiwerengero cha ma echo chikhale chogawika pawiri nthawi zonse, popeza kukonzekako kumakwana pa echo yachiwiri iliyonse. Ma pulse mazanamazana othithikana amatenthetsa sampulo, makamaka ya mchere, ndipo T2 imasintha muli m'kati moiyeza.

Mu 2D yeniyeni, mbali yachiwiri ilibe risiva, choncho vuto la valavu ya njinga lija limabweranso ndipo limathetsedwa ndi FnMODE, malo osankhira njira yotolera mbali yachiwiriyo. QF ndi yosavuta, siifuna kukonza phase, ndipo imapirira maginito osunthasuntha, koma nsonga zake n'zonenepa, zamichira. Pa COSY (2D yosonyeza mapulotoni olumikizana) yophunzitsira n'chimene tingasankhe. States ya 1982 imatolera FID ziwiri pa nthawi iliyonse ya t1 (nthawi yomka nikula yopanga mbali yachiwiri, osati T1), TPPI ya Marion ndi Wüthrich ya 1983 imasuntha phase madigiri 90 pa sitepe iliyonse, ndipo States-TPPI ya 1989 imaphatikiza ziwirizi. Kusiyana kumene mudzakuone ndi maso ndi kwakuti nsonga zosafunika zimene sizinazungulire mu t1 zimagwera pakati pa spectrum mu States, pamene mu TPPI ndi States-TPPI zimakankhidwira kumalire. Pa chifukwa chimenechi States-TPPI ndiyo yoyambira. Echo-Antiecho imafuna ma gradient (kusinthitsa dala mphamvu ya maginito m'litali mwa sampulo kwa kanthawi) ndipo ndi imene HSQC (2D yolumikiza pulotoni ndi kaboni wake) imayendera kawirikawiri. Dzina la pulogalamu ya pulse limanena njira yoyenera: qf mu cosygpqf, ph mu noesygpph, et mu hsqcetgp. Zilembo ziwiri zokwiriridwa pakati pa dzina lalitali si njira yabwino yophunzitsira munthu, koma mukazizolowera sizinama. Kumbukirani kuti TD ya 256 mbali yachiwiri mu States ndi nthawi 128 zokha za t1.

Ubwino wa 2D pa magetsi athu ndi wakuti mzere uliwonse umalembedwa ukangotha. HSQC ya mizere 256, masikani 8, masekondi awiri iliyonse, imatenga ola limodzi ndi mphindi 8. Ikaduka pa mzere wa 151, ikani TDeff ya mbali yachiwiri pa 150, nambala yogawika pawiri, ndipo xfb, lamulo lochita masamu a Fourier mbali zonse ziwiri, idzakupatsani spectrum yogwiritsika ntchito, yonenepa pang'ono chabe. Njira ya NUS, yodumpha mizere ina n'kuibwezeretsa ndi masamu, imadula nthawi ndi theka pa HSQC ya nsonga zochepa zamphamvu zofanana. Pa NOESY (2D yosonyeza mapulotoni oyandikana), pamene nsonga zofunika ndi zofooka pafupi ndi zikuluzikulu, kapena pa sampulo yochepa mphamvu, sitiilimbikitsa.

Nanga ndani aitenge? Bruker imapereka laisensi yaulere yokonzera deta kwa anthu a m'masukulu a ukachenjede akalembetsa pa tsamba lake, ndipo pulogalamuyo imayenda pa Windows, Linux ndi macOS. Fayilo yoikira ndi yaikulu, ndiye munthu mmodzi aikopere pa intaneti ya pasukulu m'malo motha mabando a ophunzira. Laisensi imeneyi siyendetsa makina, koma imatsegula manambala onse amene anagwiritsidwa ntchito potolera, ndiponso pulogalamu ya pulse mzere ndi mzere, zimene n'zokwanira kuphunzitsira AQ_mod, TD ndi FnMODE ndi deta yeniyeni. Wofuna spectrum yokha yoika mu lipoti adzaiona yolemera, ya masamba a manambala osatha. Wotumiza sampulo kunja apemphe foda yonse, osati chithunzi cha PDF, ndipo mu kalata yotumizira alembe SW, D1 ndi NS zimene akufuna, ndi mamililita 0.6 a sampulo yosefedwa mu chubu cha 5 mm ngati akuitumiza yosungunula kale.